Manja Amene Ankamva Matayala

Ulendo woyamba kukwera galimoto ya amene anadzakhala amuna anga, ndinasanza. Ndinatsegula chitseko galimoto isanaime n'komwe, n'kugwada pa tala wotentha, anyamata amene anaima chapafupi akufa nako kuseka. Iwo sanaseke. Anandipatsa botolo la madzi, n'kudikira kuti nditsuke m'kamwa, kenako anafunsa:

"Achemwali, pakona yomaliza paja munamva?"

"Ndinamva chiyani? Ndinamva kuti ndikufa."

"Ayi, matayala. Analira kaye, kenako kulirako kunasintha. Pamene kunasinthapo ndi pamene kumbuyo kunachoka."

Ndinawayang'ana ngati munthu wosokonekera mutu. Koma Lamulungu lotsatira ndinabweranso.

Malo ake anali bwalo lalikulu la tala kuseri kwa fakitale ina yotsekedwa ku Makata. Mwini malowo ankalola kagulu ka anthu okonda magalimoto kubwera Lamulungu masana, mafakitale ena onse ali zii. Ankayala matayala akutha ndi zigubu kupanga njira yokhotakhota, n'kumalowa mmodzimmodzi, wina atagwira foni kuwerenga nthawi. Panalibe chikho kapena mphotho. Panali amakaniko, madalaivala, mwana wa mwini shopu ina ya mu Limbe, ndi bambo wina wa ku banki amene ankabwera atavalabe jekete la kutchalitchi. Ine ndinkagwira ntchito pa fakitale ya ndowa za pulasitiki chapafupi pomwepo, ndipo tsiku limenelo tinangotsatira phokoso ndi mnzanga titaweruka ovataimu.

Kwathu ndi ku Chimwankhunda. Agogo anga aamuna anachokera ku Mozambique wapansi kudzagwira ntchito ku njanji, ndipo ife tonse tinakulira m'tchalitchi. Kwawo kwa amuna anga ndi ku Kanjedza, banja lachisilamu limene linakhazikika mu Limbe kalekale. Bambo awo anali dalaivala wa malole, achimwene awo aakulu chimodzimodzi, ndipo iwonso ankayendetsa lole yaing'ono ya golosale yaikulu ina, kugawa katundu m'mashopu. Nkhani ya ukwati itafika, aliyense ankayembekeza kuti vuto likhala chipembedzo. Zokambirana zinalipo, ndipo zinatenga nthawi, koma chimene chinkawasowetsa mtendere mayi anga chinali china.

"Zachipembedzo tigwirizana," anatero. "Koma mwamuna woyendetsa ngati akuthawa apolisi, mwana wanga, udzakhala wamasiye usanayambe imvi."

Mayi sankadziwa kuti pamsewu amuna anga anali dalaivala wotopetsa kuposa onse mu Blantyre. Kuchoka ku Limbe kupita m'tauni, maminibasi ankatilizira hutala njira yonse, makondakitala atatulutsa mitu pawindo kutinyoza. Iwo ankangomwetulira. Ankati pamsewu pali ana a eni ake, zothamanga n'za Lamulungu, pamalo pamene ukalakwitsa ugunda chigubu basi.

Galimoto yawo ya Lamulungu inali kagalimoto kakale kachijapani, kokankha ndi matayala akumbuyo, kopanda mipando yakumbuyo, kopanda wailesi. M'kati munkanunkha petulo ndi mphira. Injini yake sinali yoti n'kutamanda, ndipo anzawo ena anali ndi magalimoto amphamvu kwambiri. Koma amuna anga nkhani yawo sinali injini. Akatuluka m'bwalo, asanavule n'komwe chipewa choteteza mutu, ankagwada pa tayala lililonse n'kuyendetsa chikhatho pamwamba pake, kuyambira m'mphepete mwa m'kati, pakati, mpaka kunja. Pakati pakatentha kuposa m'mbali, ankati mpweya wachuluka, n'kuchotsako pang'ono. M'mbali mukatentha pakati pali pofunda chabe, ankapopa. Geji yoyezera mpweya anali nayo, koma ankaikhulupirira pambuyo pa dzanja.

Anayamba kundiphunzitsa tili kale m'banja, mwana wathu wamkazi atasiya kuyamwa. Tinkamusiya kwa apongozi ku Kanjedza, ife n'kulawirira ku Makata anthu asanachuluke. Kuyendetsa wamba ndinkadziwa kale. Chimene ankafuna kuti ndidziwe chinali malire amene tayala limasiyira kugwira.

"Inu mukuganiza kuti tayala limagwira, kenako n'kusiya, ngati kuzimitsa getsi," anatero tsiku lina titaima pakati pa bwalo. "Si choncho. Likamagwira kwambiri limakhala layamba kale kutsetsereka, pang'ono chabe. Mukaopa kutsetsereka kulikonse, ndiye kuti simunafike. Mukapitirira, mwataya. Pakati pamenepo ndi pamene timasewerapo, ndipo ndi popapatiza."

Ndinalowa pakona yoyamba ndi liwiro, ndikumanga buleki uku ndikukhotetsa. Galimoto inakana. Inangopita chamutu, matayala akutsogolo akukuwa, mpaka tinamwaza zigubu. Ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto koma sizinathandize.

"Mwamva m'manja?" anafunsa. "Chiwongolero chinapepuka musanagunde. Chikapepuka, akutsogolo akukuuzani kuti atopa. Musawonjezere kukhotetsa, bwezani pang'ono, muchotse phazi mofatsa, muwadikire agwirenso. Tayala lili ndi mphamvu imodzi yomweyo. Mukaithera yonse pa buleki, yokhotera muitenga kuti?"

Zakumbuyo zinandivuta kwambiri. Ankati kutsogolo kumalankhula m'manja, buleki imalankhula kuphazi, koma kumbuyo kumamveka m'chiuno, pampando pamene wakhalapo. Ndinazungulira ngati nguli kambirimbiri. Ndikachita mantha n'kuchotsa phazi pamoto mwadzidzidzi pakati pa kona, kumbuyo kunkapepuka n'kutipitirira, n'kupezeka tayang'ana kumene tachokera, fumbi lili tolo. Iwo ankangoti, "Tiyeni, bwerezani." Sanandikalipirepo m'galimoto imeneyo. Kunyumba tinkakangana ngati banja lina lililonse, za mchere, za achibale, za mwana kuti azipita kumadrasa kapena ku Sande sukulu. Koma m'galimoto anali munthu wofatsa kwambiri.

Tsiku limene ndinagwira kumbuyo koyamba ndimalikumbukira bwino. Panali kona yaitali yokhotera kumanja, pafupi ndi thanki yamadzi yadzimbiri. Ndinamva chiuno chikukankhidwira kumanzere ndisanaone kanthu ndi maso, ndipo manja anabweza chiwongolero okha, ine ndisanaganize. Galimoto inayenda chammbali kamphindi, matayala akung'ung'udza, kenako inawongoka bwinobwino. Ndinakuwa ngati mwana. Amuna anga anamenya denga ndi chibakera, ndipo titaima anatuluka n'kuuza aliyense, ngakhale amene anaona okha.

Patapita zaka, mnzawo wina woyendetsa thiraki ya ku Joni anawabweretsera matayala enieni ampikisano, ogwirapo kale ntchito koma akadali ndi moyo. Anali ofewa moti ukakanikiza chikhadabo chinkasiya chizindikiro, mizere yake yochepa, m'mbali mwake molimba. Sanalole kuti agone panja. Anawakulunga m'mapepala akuda n'kuwaika kuchipinda kuseri kwa chitseko, kuopa dzuwa, ndipo zovala zathu zonse zinayamba kununkha mphira. Apongozi atabwera kudzacheza anasuzumira n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga wakwatira mitala," anatero. "Pepani mayi, akazi anzanu ndi anayi."

Matayala amenewo anali ndi khalidwe lawo. Akazizira anali oterera kuposa matayala wamba, ndipo unkayenera kuzungulira kaye mofatsa kuti afunde. Akafunda ankamata pansi ngati ulimbo. Makona amene tinkachepetsa liwiro tinayamba kuwadutsa phazi lili pansi, khosi likupweteka, timiyala tikulira pansi pa galimoto chifukwa mphira inkatola chilichonse. Koma analibe chifundo. Matayala wamba amalira nthawi yaitali asanataye, amakupatsa mpata woti ulape. Awa ankangong'ung'udza pang'ono, chiwongolero n'kupepuka pang'ono kwambiri, ndipo ukapanda kumva pamenepo, basi wapita. Ukawazunzanso maulendo ambiri motsatizana ankapsa, n'kuyamba kuyenda ngati wapaka mafuta. Amuna anga ankawakonda chifukwa cha zomwezo. Zaka zimenezo panalibe amene ankawaposa pa bwalo lija, ngakhale a magalimoto odula.

Matenda a shuga anawapeza nawo mwana wathu ali ku pulaimale. Anayamba ndi ludzu losatha ndi kuonda. Kuchipatala anawapatsa mapilitsi, pambuyo pake jakisoni, ndipo tinasintha kadyedwe m'nyumba monse. Tiyi wopanda shuga ankamwa atakwinya nkhope. Tinazolowera, ndipo kwa zaka zingapo tinkaona ngati ndi matenda oti munthu n'kukhala nawo mpaka ukalamba.

Dzanzi linabwera mwakachetechete. Tsiku lina m'mawa ndinawaona akuyenda kupita kugeti phazi limodzi lili ndi patapata, lina lopanda, patapata linalo litatsala pakhonde. Ndinaseka, iwonso anaseka. Kenako mabatani a malaya anayamba kuwavuta. Sipanala inkawapulumuka m'manja. Ndikafunsa ankati ndi kutopa. Tsiku lina ananyamula ketulo pambaula ndi dzanja lopanda kansalu, n'kuithira bwinobwino m'fulasiki, ndipo ndi ine amene ndinaona matuza m'zala zawo. Adokotala anati shuga akakhalitsa amadya mitsempha ya kumapazi ndi kumanja, ndipo imene yafa siidzukanso. Anatiuza kuti tizisamala mapazi. Za chiwongolero sitinafunse.

Lamulungu limene zinadziwika kunali kozizira, mu Juni, mitambo ya chiperoni itaphimba phiri la Ndirande. Anazungulira kufunditsa matayala monga mwa nthawi zonse. Ulendo wotsatira, pakona ya pathanki paja, kumbuyo kunachoka, ndipo manja awo anachedwa. Ine ndinaima panja ndipo ndinaona kuchedwako ndi maso anga. Galimoto inazungulira n'kukagunda mulu wa matayala akutha. Anthu anaombera m'manja moseka, poti aliyense amazungulirapo. Koma iwo pamalo amenewo anali asanazungulirepo chiyambire.

Analowanso. Ulendo uno anamanga buleki mopitirira, matayala akutsogolo anauma n'kutulutsa utsi, galimoto n'kupitirira kona yoyamba ngati ya munthu wophunzira kumene. Anabwera pamene tinkaimika, anatuluka, n'kugwada pa tayala lakutsogolo.

"Auma awa," anatero osandiyang'ana. "Akalamba. Mphira ikatentha n'kuzizira kambirimbiri imauma. Komanso kwazizira lero."

Ndinavomera. Zimene ankanenazo zimachitikadi. Anakhala chogwada kwa kanthawi, akukanikiza tayala ndi chala. Kenako anavula chipewa n'kundipatsa.

"Talowani inu, mundiuze."

Ndinadziwa chimene ankafunsa. Ndikumanga lamba ndinaganiza zoyenda mofooka, kapena kuzungulira dala pathanki paja, kuti tipite kunyumba tikunyoza matayala limodzi. Koma munthu ameneyu ankadziwa ndi khutu lokha ngati wachotsa phazi msanga, ndipo akanamva kuti ndikuwanamiza. Chimenecho chikanawapweteka kuposa china chilichonse. Ndinayendetsa mmene anandiphunzitsira. Matayala anali bwinobwino. Pathanki paja anang'ung'udza, chiwongolero chinapepuka pang'ono, ndinadikira, anagwira, ndinatuluka. Ndinkalira m'chipewa ulendo wonsewo.

Nditaima, wogwira foni uja anathamanga akukuwa kuti ndaswa nthawi yanga yonse yakale. Anasiya kukuwa ataona nkhope zathu. Amuna anga anandithandiza kumasula lamba wa chipewa, zala zawo zikuphonya kachitsulo, mpaka ndinamasula ndekha.

"Mwayendetsa bwino, mayi," anatero. "Matayala alibe mlandu."

Pobwerera anandipatsa makiyi. Tinadutsa pa Chichiri ine ndikuyendetsa. Tikuyandikira Kanjedza kukatenga mwana, anayamba kulankhula akuyang'ana manja awo pamiyendo.

"Chiwongolero sichikundiuzanso kanthu. Ndikuchigwira, ndikuchiona kuti ndachigwira, koma zili ngati ndachigwira ndi manja a munthu wina. Phazinso silikudziwa kuti buleki yalowa mpaka pati. Ndimadziwa galimoto ikagwedezeka."

"Zinayamba liti?"

"Kale."

"Nanga ku lole?"

M'mawa mwake anavala malaya oyera, n'kundipempha kuti ndiwamangire mabatani, ndipo anapita kukabweza makiyi a lole kwa abwana awo. Palibe amene anawauza kutero, ndipo anali asanachitepo ngozi. Abwanawo anawanyengerera kuti aganizenso, koma iwo anakana. Anawapatsa ntchito yokhala pampando pageti la shedi ya katundu ya golosaleyo, kuona malole akamatuluka ndi katundu. Madzulo a tsiku limenelo anabwera pa minibasi. Kuyambira ali mnyamata anali asanakhalepo tsiku la ntchito osagwira chiwongolero.

Ndinkaganiza kuti za Makata zatha. Kwa milungu ingapo sitinapite, ndipo galimoto inangokhala pansi pa lona. Koma Lamulungu lina nditabwera kutchalitchi ndinapeza lona lavundukulidwa, iwo atakhala kale mpando wa kumanzere, chipewa chili pamiyendo.

"M'chiuno mudakali moyo," anatero. "Makutunso alipo. Tiyeni."

Nyengo imeneyo ndimaisowa kuposa zaka zimene anali bwino, ndipo sindidziwa chifukwa chake. Ine ndinkayendetsa, iwo atatsinzina. Ankati akatsinzina amamva bwino. "Dikirani, dikirani, tsopano moto." Nthawi zina ankati "Kumbuyo!" ine ndisanamve kalikonse, ndipo ndikabweza chiwongolero ndinkapeza kuti kunalidi kutayamba kuchoka. Akakhala chete kona yonse ndinkadziwa kuti ndakhoza. Anzathu anasiya kuwafunsa kuti alowa liti okha. Anayamba kumawapempha kuti akwere nawo, awauze chimene galimoto zawo zikulakwitsa, ndipo iwo ankapita, koma pobwera ankandinong'oneza kuti enawo amayendetsa ndi ukali, matayala sawamvera.

Msomali unawabaya ku shedi. Unaboola nsapato n'kulowa kuphazi, ndipo anayenda nawo tsiku lonse osadziwa. Ndinaona magazi pa sokosi madzulo akuvula kuti asambe mapazi asanaswali. Tinathamangira kuchipatala, anatsuka, anamanga, anatipatsa mankhwala. Chilondacho sichinapole. Chinada, chinayamba kununkha, ndipo anawagoneka. Madokotala anadula chala chakuphazi. Patapita masabata anadula phazi. Kenako adokotala anandiitanira pakhonde la wodi pamodzi ndi alamu anga, achimwene awo aakulu aja, n'kutiuza kuti kuti apulumuke ayenera kudula mwendo m'munsi mwa bondo. Unali mwendo wakumanja, wa moto ndi buleki. Alamu anatembenukira kukhoma n'kuphimba nkhope ndi kofia yawo. Amene anatilimbitsa mtima anali wodwala yemweyo.

"Unasiya kale ntchito umenewo," anatero. "Auchotse."

Koma atatuluka m'chipatala anasintha. Ankakhala pakhonde pa njinga ya olumala, kuyang'ana msewu, osalankhula. Mwana akabwera kusukulu ankayesetsa kuseka naye, akalowa m'nyumba nkhope n'kugwanso. Anzawo a ku Makata ankabwera kudzawaona, ndipo ankawalandira bwino, koma nkhani ya magalimoto ikayamba ankati atopa, akufuna kugona. Ine ndinkachoka m'mawa kupita ku ntchito, apongozi n'kubwera kudzakhala nawo. Tsiku lina ndinawapeza mayi okalambawo akusisita chitsa cha mwendo wa mwana wawo ndi mafuta, akuyimba chapansipansi m'Chiyao, iwo atatembenuzira nkhope kumbali, misozi ikutsikira m'khutu. Ndinabwerera panja mwakachetechete n'kukhala pa sitepe mpaka nyimbo inatha.

Anapempha okha kupita ku Makata mu Okotobala, kutentha kuli pachimake. Alamu anabwera ndi galimoto yawo kudzawanyamula, ine n'kutsatira ndi kagalimoto kaja. Kukwera nane sakanatha, thupi linali litafooka ndipo adokotala analetsa. Tinawaika pamthunzi wa thanki yamadzi ija, kuseri kwa mulu wa matayala, pamene akanamva kona yonse. Anthu anabwera kudzawapatsa moni mmodzimmodzi, ena akulephera kuwayang'ana kumwendo.

Tala anali wotentha moti ankanyezimira. Maulendo oyamba galimoto inayenda bwino. Kenako inayamba kuterera paliponse, kutsogolo kukukana polowa, kumbuyo kukuvina potuluka, ndipo ine chifukwa chofuna kuwasangalatsa ndinapitiriza kukakamiza. Ndikudutsa pathanki ndinawaona akukweza dzanja. Ndinazungulira n'kukaima pafupi nawo.

"Apsa," anatero. "Ndawamva kuchokera uko. Achimwene, tandikankhani."

Alamu anakankha njinga mpaka pa tayala lakutsogolo. Amuna anga anawerama n'kuika chikhatho pa mphira, n'kuchiyendetsa kuyambira m'kati, pakati, mpaka kunja, monga ankachitira zaka zonse. Anabwerezanso. Kenako dzanja linangokhala pamenepo. Ine ndinkamva kutentha kwa tayalalo ndili chiimire, ndipo ndinagwada n'kuchotsa dzanja lawo lisanapse. M'chikhatho munali mutafiira kale.

"Palibe," anatero. "Ngati ndagwira khoma."

Anapempha alamu kuti awagwire m'mapewa. Anawerama kwambiri, pafupifupi kugwa panjinga, n'kugunditsa tsaya pa tayala. Anadzidzimuka n'kubweza mutu msanga, ndipo anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chichokereni kuchipatala. Patsaya panatsala chizindikiro chakuda.

"Eee, atenthadi! Mwawazunza, mayi."

Kenako anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri n'kuliika pa mphira.

"Ndiuzeni. M'kati?"

"Motentha."

"Pakati?"

"Pakuotcha. Kuposa m'mbali."

"Mpweya wakwera ndi dzuwali. Chotsaniko pang'ono onse, muwasiye apume. Mukalowanso musalimbane nawo. Polowa muzifatsa, muziwapatsa nthawi."

Ndinachita zimenezo. Nditalowanso galimoto inabwerera m'manja, ndipo ndikudutsa pathanki sanakweze dzanja. Anali atatsinzina, mutu ataupendeketsa. Pobwerera kunyumba anakana kupukuta tsaya. Apongozi atafunsa kuti chakuda n'chiyani, anawayankha kuti apsompsonana ndi mkazi wamng'ono, ndipo mayiwo anawamenya paphewa ndi mpango.

Limenelo linali Lamulungu lawo lomaliza ku Makata. Mvula itayamba anawagonekanso, ndipo mapazi anga ankangoyenda njira ya kuchipatala. Impso zinayamba kukanika, thupi linatupa, ndipo ankagona nthawi yambiri. Ndinkabwera ndi chakudya masana, ankadya masipuni ochepa n'kukankha mbale. Tsiku lina ali maso anandifunsa ngati ndinapitako ku bwalo. Ndinati ayi, ndipita akachira.

"Muzipita," anatero. "Musadikire ine. Inu mumamva. Anthu ambiri samva."

Ndinawauza kuti asiye zolankhula zotero. Anandipempha kuti ndiwagwire dzanja, ndipo ndinawauza kuti ndaligwira kale. Anadzutsa mutu kuti aone, anaona, n'kugonanso.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, kunja kukuwaza mvula, alamu ali pambali pawo akuwanong'oneza mawu a chikhulupiriro chawo. Mwambo wachisilamu suchedwa. Pofika masana anali atasambitsidwa n'kukulungidwa mu sanda, ndipo abale anga a ku Chimwankhunda ena anafika jeneza, chithatha chonyamulirapo maliro, litanyamulidwa kale. Pa mwambo umenewu amayi sitipita kumanda. Ndinaima pakhomo la apongozi ku Kanjedza, mwana wanga atandikolowola m'chiuno, mayi anga atandigwira mkono, n'kumaona amuna akulandizana jeneza pamapewa kutsika ndi msewu. Pakati pa makofia oyera ndinaona anzathu a ku Makata, bambo wa ku banki uja atanyowa jekete lonse, akulimbirana nawo mpata wonyamula. Magalimoto awo aphokoso aja anali ataimikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo pochoka madzulo aliyense analiza injini yake motsitsa, n'kuchoka ngati akuopa kudzutsa mwana.

Ndinakhala m'nyumba miyezi ya eda, imene wamasiye amabindikira, monga mwa mwambo wa kwawo. Palibe anandikakamiza, ndinafuna ndekha. Itatha ndinayesa kuchita zimene anandiuza. Ndinapita ku Makata Lamulungu lina, anthu anandilandira ndi manja awiri, ndipo wina anandibwereka galimoto yake poti yathu inali isanadzuke. Ndinafunditsa matayala, ndinalowa makona awiri atatu bwinobwino. Manja ankadziwa zochita. Koma nditamaliza ndinapeza kuti ndikuyang'ana uku ndi uku kufuna woti ndimuuze mmene zinamvekera, ndipo onse amene analipo ankangofunsa za nthawi. Ndinabweza chipewa, ndinathokoza, n'kukakwera minibasi. Sindinapitekonso. Bwalolo ndamva kuti pano amaimikapo makontena.

Kagalimoto kaja kanakhala pansi pa lona chaka chathunthu ndi miyezi. Makoswe anadya mawaya, batire inafa, matayala anaphwa n'kuchita ming'alu m'mbali. Pomaliza ndinauza alamu kuti adzakatenge, poti mwana wawo wamkulu ndi makaniko ndipo ankakafuna. Anabwera Loweruka m'mawa ndi chingwe. Geti lathu ndi lopapatiza, ndiye anandipempha kuti ndikhale pa chiwongolero iwo akukankha. Chinali cholemera, ndipo matayala ankagunda pansi du, du, du, chifukwa anali ataphwatalala mbali imene anakhalira. Nditatulutsa, ndinatsika, mwana wa alamu analowa, anamanga chingwe, n'kunyamuka pang'onopang'ono kulowera ku Limbe.

Pamene panali galimoto panatsala banga lalikulu la oyilo pa simenti. Mwana wanga anapita kuseri kukatapa mchenga pa fosholo, tinathira pabangapo, n'kupondaponda ndi mapazi kuti umwe. Kenako ndinamutuma kukatenga tsache.